Chitenje cha pa Mgolo

Nasibeko ankachapa matewera pamene mlamu wake Enelesi anatulukira ali wefuwefu.

"Alamu, oyeza ndere aja afika! Atsala makomo awiri."

Khomo lililonse linkaweta ndere zofiirira mumgolo kuti ziziyeretsa madzi, ndipo zikafa, mpopi ankautseka mwezi wathunthu. Nderezo zikapsa ndi dzuwa zinkalavula zowawasa n'kufooka. Koma dzulo lake Nasibeko anachotsa chitenje chophimbira mgolo n'kuvala kumaliro, poti chinacho chinali chonyowa.

Anasuzumira mumgolomo. Zinali zitatuwa, fungo ngati thobwa losasa.

"Ndiye muwauza chiyani?" anafunsa Enelesi.

"Amafuna ndikalire maliro mbulanda?"

Nasibeko anabwerera pabeseni. Madzi akuda aja amene amati ataye anawayang'anitsitsa akuganiza za mwezi wopanda mpopi, kenako anaviikamo thewera lina. Atatu anali akadali mundowa.