Msuzi wa Ndere pa Tsiku la Mayeso

"Mayi, Hyangran mwamudyetsa mpunga womata uja?" anafunsa Cholsu pafoni, ali ku Korea.

"Akudya," ananama gogo Okbun, n'kudula foni mwana wawoyo asanafunsenso.

Mdzukulu wawoyo amalemba mayeso tsikulo mumzinda wawo wa Yanji, ndipo akakhoza apatsidwa chilolezo chokagwira ntchito ku Korea. Mayeso omwewa ndi amene anawalanda Cholsu, n'kuwasiyira mawu a pafoni zaka zisanu ndi zinayi. Aliyense amadziwa kuti wolemba mayeso amadya zomata kuti nzeru zimamatire. Msuzi wa ndere za m'nyanja sauyandikira, chifukwa choterera chimagwetsa munthu pa mayeso. Koma ndi umene gogo anaphika. Anazungulira tebulo kawiri, nasuzumira pazenera, kenako anaika mbale patsogolo pa Hyangran.

"Idya, kunja kwazizira. Kumayesoko usakakhale pafupi ndi khomo. Madzi opatsidwa ndi mlendo usamwe. Ku Koreako anthu amagwa panyumba zitalizitali, wamva?"

Hyangran anayang'ana ndere zikuyandama, nayang'ana agogo ake.

"Agogo, mwaiwala kuti lero ndi tsiku lanji?"

"Ine wosapita kusukulu, masiku ndingawadziwe bwanji?" Anatembenukira kumphika, akudikira kuti akalipiridwe, mbale ikankhidwe.

Kumbuyo kwawo kunangomveka supuni ikugunda mbale, mpaka kukokota.

"Bambo musawauze," anatero Hyangran chapansipansi, akupereka mbale yopanda kanthu. "Onjezerani wina, agogo. Mafunso ake ndi osavuta, mbale imodzi siingandigwetse."