Mpunga Wosadwala wa Sosten

Panali mnyamata wina wa ku Nkhotakota, dzina lake Sosten, amene ankakhala ku Wallacedene, dera lina la ku Cape Town. Ankagwira ntchito yothirira mbewu pamalo ena ofufuzira za ulimi kunja kwa Cape Town. Kumeneko ankawomba mbewu ya mpunga ndi cheza champhamvu cha makina kuti isinthe chibadwa, pofunafuna mtundu wopirira matenda.

Tsiku lina abwana anamupatsa thumba la mbewu yotereyi kuti akawotche. Iye analibisa m'chikwama. Lusungu, mtsikana wa ku Karonga amene ankakolopa pamalopo, anamuona. Sanakamunenere, anangomuitanira pambali.

"Achimwene, musatero. Chezacho chimaononga mbewu yambiri. Yabwino imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo amaisankha kwa zaka."

"Iwe, mabwanawa ndi umbombo basi," anatero Sosten. "Zikolopa uko, za mpunga usiyire ife."

Anatumiza thumbalo pa basi, n'kuimbira mayi ake. "Amayi, mbewu yanu yakale ija ingodyani. Iyi ndi ya sayansi, sidwala."

Mayiwo anakondwa. Mbewu yawo anadya, yatsopanoyo n'kugawirako anzawo a kwaya, akunyadira kuti yachokera kwa mwana wawo wa ku Joni.

Pa nazale mbande zina zinamera zoyera ngati pepala, n'kufa. Zimene anawokera zinatulutsa ngala, koma zambiri zinali mankhusu okhaokha. Sosten ataona zithunzi za mindayo anathimitsa foni, kutchalitchinso anasiya kupita.

Lusungu sananene kuti ndinakuuzani. Pa nthawi yopuma anamugawira buledi wake, nati, "Aimbireni amayi."

Anaimba.

"Amayi, anthu akuti chiyani?"

"Palibe akukutchula, mwanawe. Ndawauza kuti ndine ndinasunga mbewuyo ponyowa. Ndayenda khomo ndi khomo kupepesa."

"Koma amayi, wolakwa ndi ine."

"Iwe uli kutali, sungadziyankhire. Kukwayako ndayamba ndapuma, adzaiwala. Kodi ukudya bwino kumeneko?"

Sosten anangogwira foniyo kukhutu, buledi uja ali m'manja.

Phunziro: Chinthu chimene akatswiri sanamalize kuyesa si mphatso yotumiza kumudzi, ndipo musauze kholo kuti litaye mbewu yake chifukwa cha zimene mwangomva kuntchito. Manyazi anu amakasenza ndi amene amakukondani. Chonde tumizirani abale onse amene amatumiza katundu kwathu.