Mababu Atsopano a Pikiapu

Bambo a mapasa anali ataimirira kumbuyo kwa pikiapu, atawerama padenga la galimotoyo ngati dokotala pa opaleshoni, ndipo sikuluu inali itagwanso. Mayi a mapasa anaimva ikugubuduzika pasimenti mpaka kudzaima pafupi ndi beseni limene ankachapiramo mayunifolomu. Sanaitole. Mwini magetsi atole yekha.

Magetsiwo anali anayi aja ozungulira, omangidwa pachitsulo cha pamwamba, amene amati ndi oyendera m'tchire. Tchire lake liti? Ntchito ya pikiapuyo inali kugawa mazira m'magolosale, m'misewu ya tala yokhayokha. Koma aka kanali kachitatu kugula mababu. Oyamba anati ndi achikasu ngati kandulo. Achiwiri anati ndi achinyengo. Atsopanowa anali ma LED, lililonse ndi kafani kake kumbuyo, ndipo pakatoni panali chithunzi cha galimoto ikukwera phiri lamiyala. Apo n'kuti babu la kukhitchini litapsa kalekale, mayi akuphika ndi tochi ya pafoni ataitsamiritsa pabotolo la mafuta. Oyandikana nawo anali atawapatsa kale bambowo dzina loti Bwalo la Ndege, ndipo eni ake ankaliyankha monyadira.

Mayi a mapasa sanabadwe dzulo. Mwamuna akayamba kugula magetsi a msewu woipa, ndiye kuti kumene akupita kulibe tala. Masiku amenewo bambo ankafika kutada, ati amayenda pang'onopang'ono kuopa kuswa mazira, chikhalirecho pobwerera matileyi amakhala opanda kanthu. Uthenga ukalowa pafoni ankauwerenga ataigunditsa pamphuno, kuti wa pambali asaone ngakhale chilembo. Chitseko cha kumanzere chinali chitakalika ngati chadutsa m'minga. Chimene chinamaliza nkhani chinachitika sabata yapitayo: mayi akuchokera kumsika kachisisira, thumba pamutu, anaimika pikiapu ya mwamuna wawo ndi dzanja, ndipo inawadutsa ngati ndi mtengo wa magetsi. Kunyumba yankho linali lalifupi, loti sanawaone. Mayi wa pasaluni atamva anangoseka, n'kunena kuti mwamuna amene saona mkazi wake pamsewu ndiye kuti pampando pali wina wawerama.

Choncho chikwama chinali cholongedza kale kunsi kwa bedi, ndipo mapasa anali atatumizidwa kwa azakhali awo. Chotsala chinali chimodzi: bambo atchule dzina la mkaziyo ndi pakamwa pawo, mayi anyamule zawo.

Pamwamba paja ntchito inkayenda ngati ya munthu wolembedwa ganyu mokakamiza. Babu loyamba linakana kuyaka mpaka atatembenuza pulagi. Chivindikiro cha labala chinakana kutsekeka chifukwa cha kafani kaja, ndiye bambo anachidula ndi mpeni wa kukhitchini, womwe uja wodulira masamba, n'kukulunga tepi yakuda mpaka nyaliyo kuoneka ngati chala chovulala. Dzuwa linali litalowa, ndipo ankapapasa padenga ndi chikhatho.

"Mayi a mapasa, simunaione sikuluu yanga?"

"Kafunseni amene mukukamuwalitsirayo."

Bambo anaseka ngati amva nthabwala yabwino. Mayi anakuzindikira kusekako. Ndi mmene amasekera mapasa akabisa shuga m'matumba.

Nyali yachinayi inamangidwa ndi sikuluu ziwiri zokha, chifukwa yachitatu inali idakali pafupi ndi beseni. Bambo anatsika mosamala, phazi likufunafuna tayala, n'kudzipukuta manja pamalaya amene mayi anasita m'mawa womwewo. Kenako analowa m'galimoto, chitseko n'kuchisiya chotsegula, kanyali ka mkati kakuwaunikira nkhope.

Mayi anagwedeza thovu kumanja, n'kuyenda mwakachetechete kukaima kutsogolo kwa pikiapu, pakati pa galimoto ndi geti, manja m'chiuno. Zaka zonsezi akhala akuchapa, kuphika ndi kulera mumdima. Lero bambowo ayambe kuunika mkazi wawo, kenako anene ngati woti akamuone kutchireko akuposa pamenepa.

Swichi ya magetsi inalira.

Bwalo lonse linayera mbee kuposa masana. Ming'alu ya mpanda inaoneka umodziumodzi, mithunzi ya zovala pachingwe inathawira kukhoma, ndipo galu wa oyandikana nawo analira ngati wapondedwa. Mayi anamva kuwalako kukuwabaya m'maso mpaka misozi, koma sanasunthe. Anatchinga ndi dzanja n'kusuzumira pansi pa zala. Bambo anali atatsamira pachiwongolero, akuyang'ana kutsogolo, pomwe mayi anaimapo penipeni. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Sanadzidzimuke, sanagwetse maso.

Munthuyu alibe ndi manyazi omwe, anatero mayi mumtima. Anakoka mpweya kuti ayambe mawu amene anakhala akuwakonza sabata yonse.

Koma bambo anatulutsa mutu pachitseko, n'kutembenukira kukhonde kumene kunali beseni.

"Mayi a mapasa, tabwerani mudzaone, andigulitsanso zakufa. Kutsogoloku kuli bii, ngakhale geti sindikuliona. Ndikawabwezere asanatseke."

Anakoka chitseko, n'kuliza injini.