Mlonda wa ku Sikelo

"Lelo ku sikelo nipita nanu," anatero Yoramu akuvala jekete.

Mkazi wake Regina anangoti kukamwa yasa. Ana atatu anakula pakhomopo bamboyo osapondako n'komwe ku sikelo. Koma chimvereni pa wailesi za nesi wa kutsidya kwa nyanja amene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha makanda m'chipatala, Yoramu anasanduka mlaliki. Anthu okwera minibasi ya ku Chongwe anatopa naye akulalikira kuti manesi onse ndi amodzi.

"Wanga uyu samugwira ine osaona," anatero akuloza khanda lawo. "Diso langa lizankhala pa manja ake."

Ku sikelo mayi wobwera ndi mwamuna wake saima pamzere, choncho nesi Mwaba anayamba kuitana iwowo, azimayi onse akuonerera. Yoramu anaima pambali ngati wapolisi, manja kumbuyo. Nesi anakweza jekeseni ya katemera n'kuikankha pang'ono, kadontho n'kutuluka kunsonga kwa singano.

Kadonthoko Yoramu anakaona. Zinazo sanazione.

Anatsitsimuka ali chagada pasimenti, Regina akumukupiza ndi chitenje, azimayi akubisa phwete m'manja.

"Mwana! Mwana ali kuti?"

Regina analoza ndi mlomo. Khandalo linali m'manja mwa nesi, litabayitsa kale, likuseweretsa wotchi ya pachifuwa pake.

"Mwamupasa nesi?"

"Nanga nikanamupasa ndani, ba Yoramu? Alonda munali mutagona."