Ngodya za Samusa

Tandiuzani inu ophunzira, n'chiyani chomwe mukachotsapo imodzi pa zitatu zimatsala zinayi?

Mphunzitsi Gracinda wa ku Itepela anaika mbale ya samusa patsogolo pa tiana take ta m'kalasi. Kumbuyo kunali a Jacinto, mkulu wa komiti ya makolo, odzaona ngati mtsikanayu akuyenera kupitiriza ntchito.

"Tiriyangulu, kaya yagona kaya yaima chamutu, ngodya zake ndi zitatu basi. Anifa, tawerenga ngodya za samusayi," anatero Gracinda.

Kamwanako kananyamula samusa. "Zinayi!"

Inanso zinayi. Mbale yonse zinayi! Gracinda anadabwa. Si anakazinga yekha izi, n'kungozisiya m'kalasimo popita kukaliza belu?

"Mwawasokoneza anawa, mayi," anatero a Jacinto. "Ine masamu ndinaphunzira ku Cuamba. Tiriyangulu ndimaidziwa ndi fungo lokha, ndili kuseri kwa nyumba."

Gracinda anayang'anitsitsa. Samusa iliyonse inali yolumidwa nsonga imodzi, n'kusiya ngodya ziwiri pamenepo.

"Ana inu, chinthu timachidziwa ndi maonekedwe ake. Woluma apa ngotani?"

"Wakamwa lalikulu!"

"Dzino lakutsogolo alibe, onani patsala kamzere!"

"Aliyense aseke tione," anatero Gracinda.

Tiana tonse mano panja. A Jacinto okha milomo ili phwii, maso kudenga.

"Agogo, sekanitu," Anifa anachonderera.

"Ku Cuamba sitiseka m'kalasi!" anakalipa mkuluyo, kamwa lonse yasa, dzino lakutsogolo palibe.

Tiana tinachita kugubuduka pansi ndi phwete.