Chovala cha Seva

Seva, bokosi la kompyuta losungira zithunzi, inazimanso kachitatu, zithunzi za ukwati zisanathe kukwera pa intaneti. Wojambula anasuzumira pazenera. Mkwatibwi anali akutsika kale m'galimoto, ndipo wojambulayo anali atamulonjeza kuti achibale akutali aona zithunzizo lero.

"Amisiri, chingwe mwatiikirachi n'chabodza," anatero wojambula kwa mmisiri wa makompyuta.

"Chingwe chilibe mlandu, mayi," anayankha mmisiri atagwada kunsi kwa tebulo. Anakhudza sevayo, n'kubweza dzanja msanga. "Ikutentha ngati simbi. Waiveka ndani?"

Bokosi lonselo linali litavala nsalu yoluka yamaluwa, yothina mpaka kutseka timabowo topumira.

"Ndine," anatero apongozi ake a wojambula ali pampando wa makasitomala. "Chinthu chodula chonchi chizikhala maliseche, fumbi lonseli?"

Wojambula anayang'ananso nsaluyo. Zaka zisanu ndi zitatu ali pabanja, iyi inali mphatso yoyamba kuchokera m'manja amenewo.

Mkwatibwi anagogoda pachitseko. Wojambula anatola sizasi patebulo n'kugwada.

"Amayi, chovalachi chaikhala, sitiivula ayi. Tingoching'amba kumbuyoku ngati siketi ya m'tauni."

Apongozi anatambasula dzanja. "Bweretsa kuno. Iwe udula mokhota."