Tonde wa ku Mitundu

Mlanduwo unali pafupi kuthera pa mbuzi.

Komiti yosungitsa mwambo pa chikho cha mpira cha m'derali inakhala kutsogolo m'kalasi ina ku Nathenje, mawondo akugunda madesiki a ana. Kumanzere kunadzaza anthu a timu ya Tiyesenawo ya komweko. Kumanja kunali anthu awiri okha a Chimphepo ya ku Mitundu: mwini timu, a Gilibati, owotcha kanyenya pamsika, ndi wotchinga kumbuyo wawo Abednego, yemwe ochemerera amamutcha Tonde.

Dzinali sanalipeze pa ubatizo. Abednego akadumphira mpira wa m'mwamba, mpirawo umangokhala mboni, iye amafuna munthu. Lamlungu lapitalo anapeza Calvin, womwetsa zigoli wa Tiyesenawo. Mpira unali utadutsa kale, Calvin akutembenuka, Tonde n'kubwera ndi mutu. Anagwa onse awiri. Abednego anadzuka patapita kanthawi n'kufunsa ngati hafu yakwana. Calvin anakadzukira kuchipatala.

Tsopano Calvin anali pa benchi lakutsogolo, chibwano chomangidwa ndi waya, phala akumwera pa kapaipi. Mnyamata woitanira minibasi, yemwe akakuwa pa siteji amamveka mpaka ku Diamphwe, lero samatha kutchula ngakhale dzina lake.

A Gilibati anayankhula ngati akutsatsa chiwindi. Anati mpira si kwaya, amuna amagundana. Anati refa anapereka kale khadi lofiira, ndiye munthu asamenyedwe kawiri pa tsaya limodzi. Fainolo inali Lamlungu likudzalo, ndipo popanda Tonde kumbuyo kwa timu yawo kukanakhala khola lopanda chitseko. Pofuna kupepesa, iwo anali okonzeka kupereka mbuzi yamoyo.

Wina wa m'komiti anafunsa ngati mbuziyo ndi yaikazi.

Wapampando, a Chipulumutso, mphunzitsi wopuma ntchito, anaona kuti nkhani yapsa. Anati Abednego asewere fainolo, chilango chake adzachiona chaka chamawa. Koma poopa kudzanenedwa kuti anagamula okha, anaponya dzanja kutsogolo mosaloza bwino n'kufunsa:

"Alipo wachibale wa mnyamatayu woti anenepo kanthu?"

Kumbuyo, mbali ya Tiyesenawo, kunaimirira mayi wina wachitsikana, mwana kumsana. Anati dzina lake ndi Enifa. Moni sanataye naye nthawi.

"A wapampando, chibwano cha mwana wa munthu mukuchigulitsa ndi mbuzi? Nanga mbuziyo aitafuna ndi chiyani?"

Enifa anamangitsa chitenje n'kuyamba kukumba zakale. Ku Diamphwe munthu ameneyu anaphwanya mphuno ya goloboyi, komiti inati ndi ngozi. Ku Likuni mnyamata wina anakomoka mpaka anamuthira madzi a m'ndowa, komiti inati kunali dzuwa. Anati komiti imeneyi maso ake amaona bwino pokhapokha pakadutsa mbale ya nyama.

Kenako anatembenukira kwa a Gilibati. Anati akudziwa kuti Tonde akagwetsa munthu, madzulo ake amalandira mang'ina aulere pa chiwaya chawo. Anawafunsa ngati mwana wawo weniweni angamutume kukagunda anthu ndi mutu ngati alibe ntchito ina nawo.

A Gilibati anayesa kuseka. Anati amayi sadziwa za mpira, bwenzi atapita kukaonera netibo. Enifa anawauza kuti za mpira sadziwadi, koma fungo la wodi ya ovulala amalidziwa kuposa fungo la utsi wawo. A Gilibati anagunda Abednego ndi chigongono kuti adziyankhire yekha. Tonde uja, woopsa mabwalo onse a kumwera kwa Lilongwe, anangozyolika ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

Kochi wa Tiyesenawo anali akugwedeza mutu, akunong'oneza anzake kuti achibale a Calvin a kumudzi si osewera nawo. Calvin anamuyang'anitsitsa mayiyo n'kuyesa kunena kanthu. Panangotuluka kaphokoso kudzera mu waya, ndipo anthu anati akuthokoza.

"Munthu uyu sangasiye yekha," anatero Enifa. "Mumamuwombera m'manja ndi inuyo. Ndikufuna mumuletse mpira moyo wake wonse. Kuno, ku Mitundu, kulikonse, ngakhale wachikulunga wa ana. Mukapanda kutero ndikuchoka pano kupita kupolisi, ndikachoka uko ndikupita kuwailesi, ndipo ndikatchula mayina anu limodzi ndi mbuzi yanuyo."

Mawu oti wailesi anawongola misana ya akuluakulu aja. Anasonkhanitsa mitu n'kunong'onezana, wa mbuzi yaikazi uja akuyang'ana kudenga. A Chipulumutso anaimirira, anakhosomola, n'kulengeza kuti poona kukula kwa mlandu komanso kulira kwa achibale, Abednego waletsedwa kusewera mpira uliwonse wa m'derali mpaka kalekale.

A Gilibati anatuluka akutukwana, akuti fainolo yaphedwa ndi mayi mmodzi wa pakamwa, ndipo mbuziyo akaiwotcha mawa lomwe.

Anthu a Tiyesenawo anathamangira kwa Enifa kuti amugwire chanza. Iye anawadutsa onse, anadutsanso Calvin, n'kukaima kumanja pomwe Tonde anatsala yekha.

"Dzukani, bambo a Masozi, tizipita kunyumba. Adokotala anakuuzani ine ndili pomwepo kuti mutu wanuwo ukangogundanso kamodzi ndi maliro, inu n'kumati fainolo. Umasiye pa msinkhu uno ine ndakana."